Tsamba la Ada Longwe

Amene analowapo mumsika wa Nkhata Bay kudzera mbali ya kaunjika akulidziwa fungo la pulasitiki wopsa. Limachokera pakona, pansi pa kashedi ka malata adzimbiri, pomwe pamakhala a Weston Longwe ndi mbaula yawo. Ine ndine Jessie, ndimagulitsa zovala za ana pabenchi loyandikana nawo. Utsi wawo ndaupuma zaka zambiri, moti makasitomala ena amati madiresi anga amanunkha beseni. Tonse mumsikamu timawatchula Ada Longwe, poti kuno bambo timati ada.

Ntchito yawo ndi yomata. Ndowa ikang'aluka, beseni likabooka, mpando wa pulasitiki ukathyoka mwendo, patapata akaduka, zonsezo zimathera kwa iwo. Amaika zidutswa za msumeno wodulira zitsulo pamakala, zikafiira amazigwira ndi kansanza, n'kusungunulira chigamba pamalo pong'alukapo. Zala zawo zinachita zipsera mpaka foni yogwiragwira pagalasi ija imawakana.

Anabadwira ku Chikale, m'banja la asodzi, koma nyanja sinawafune. Akangokwera bwato ankasanza mpaka kugona pansi ngati thumba. Bambo awo ankachita nazo manyazi, abale awo ankawaseka. Iwo anapita kudoko kukakhala wonyamula katundu wa m'sitima, ndipo ananyamula mpaka tsiku lomwe thumba la chimanga linawapotola msana. Atachira anaphunzira kumata kwa mkulu wina wa ku Mzuzu, n'kubwerera kuno ndi mbaula. Anakwatira a Tryphena, namanga kanyumba pamtunda, kuseri kwa Chikale. Ana anabadwa angapo, koma wokula anali mmodzi, mtsikana, Temwa.

Kwathu kuno malo athyathyathya ndi osowa. Ukachoka pakhomo, kaya ukwera kaya utsika. Mipopi ikauma, zomwe zimachitika kawirikawiri, amayi a kumtunda amatsikira kumunsi kukatunga, n'kukwera ndi ndowa pamutu. Madzi amagavira uku ndi uku, ena kumaso, ena kumsana, ukamafika kunyumba ndowa ili theka, chitenje chili chonyowa. Kuyambira kale amayi amathothola masamba n'kuika pamwamba pa madzi kuti akhazikike. Koma chaka china kolera atavuta, alangizi a zaumoyo anayenda nyumba ndi nyumba kuletsa masambawo, amati amabweretsa matenda m'madzi akumwa. A Tryphena ndi munthu womvera. Anasiya masamba. Sabata yomweyo madzi anawathira m'maso ali pachitunda, anaponda pamwala woterera, anagwa n'kuthyoka dzanja.

Pamenepo m'pomwe Ada Longwe anayamba kudula zigubu za mafuta ophikira. Poyamba anadula chozungulira ngati mbale, n'kuchiyandamitsa m'ndowa. Madzi ankangochikankhira pambali. Anachiboola mabowo, chinamira. Anachipinda m'mphepete, chinayandama koma chinkagwedezeka pamodzi ndi madziwo. Ntchito za anthu zinkaunjikana, iwo ali kalikiliki ndi zigubu.

"Jessie, tasenza ndowayi uyende nayo mpaka kwa ansomba," ankatero.

Ndinkasenza, msika wonse ukuseka. Ndinkabwerako bulauzi ili yonyowa, iwo n'kuyang'ana m'ndowamo, n'kupukusa mutu, n'kuyambanso. Zinatenga dzinja lonse. Kenako anaganiza zomata timizere tiwiri kunsi kwake, topingasana, tolowa m'madzi ngati zipsepse za nsomba. Tsiku limenelo ndinapita kwa ansomba, ndinabwerera, anandiuza kuti ndithamange. Ndinathamanga. Palibe dontho linandigwera.

Iwo sanachipatse dzina. Ndi amayi amene anayamba kunena kuti, "Ada, ndipatseni tsamba limodzi." Linakhala tsamba basi. Linali lachikasu chifukwa cha zigubu zija, lokhakhala m'mphepete, ndi zipsera zakuda momwe chitsulo chadutsa. Silinali lokongola, koma linkagwira ntchito. Amayi a ku Chintheche ankatumiza makondakitala a minibasi kudzawagulira. Ena ankapita nawo ku Likoma pa sitima ya Ilala. Ada Longwe sankabisa kanthu. Munthu akaima kumaonerera, iwo ankamuonetsa podula, pomata, ngakhale kumubwereka chitsulo. Ndi masamba amenewo Temwa anamaliza sekondale, napita kukoleji ku Blantyre kukaphunzira za makina ndi zopangapanga.

Temwa anali mwana wabwino, zimenezi ndinene poyera. Patchuthi ankakhala pashedipo kutsuka zigubu, osachita manyazi anzake akamadutsa. Chaka chake chomaliza kukoleji kunali mpikisano wa ophunzira, aliyense abweretse nzeru yothandiza anthu. Anaimba foni ndili pomwepo.

"Ada, ndikufuna nditenge tsamba lija ndikapikisane nalo. Mundilola?"

"Tenga, mwana wangu, ukawaonetse," anatero akumwetulira mpaka mano onse panja. "Adziwe kuti ku Nkhata Bay kulinso mitu."

Temwa anapambana. Pakati pa oweruza panali mkulu wa kampani ina yopanga ndowa ndi mabeseni, ndipo asanalandire n'komwe satifiketi anamulemba ntchito. Tsiku lomwe nkhaniyo inafika, Ada Longwe anazimitsa mbaula dzuwa lili pamutu, nagulira mzere wathu wonse zakumwa zoziziritsa kukhosi. Sindinawaonepo akuvina, koma tsiku limenelo anayeserako, msana wopotoka womwewo.

Panapita chaka ndi miyezi. M'mawa wina a Yoram, a ku Ekwendeni amene ali ndi shopu ya ziwiya moyang'anana ndi ife, anatsitsa makatoni kuchokera ku Mzuzu. Anatsegula imodzi, anaseka, n'kuwoloka kanjira kubwera kwa ife atanyamula kanthu kabuluu.

"Ada Longwe, mwana wanu wachita zazikulu. Taonani ichi."

Linali tsamba. Losalala ngati mbale ya m'hotela, lopepuka, lopanda chipsera. Kunsi kunali timizere tiwiri tija, koma topindika pang'ono. Ada Longwe analitembenuza, analigogoda ndi chikhadabo, analiyang'anitsa padzuwa. Nkhope yawo inali yowala ndithu. Kenako anaona zilembo zotukuka pakati pake, anavala magalasi.

"Apa alemba chiyani?"

"Ili ndi dzina la kampani," anatero a Yoram. "Ili ndi dzina lachizungu lomwe achipatsa. Iyi ndi nambala ya patenti."

"Patenti n'chiyani?"

A Yoram anakanda m'mutu, kuseka kuja kutatha. "Ndiye kuti analembetsa kuboma kuti nzeru imeneyi mwini wake ndi iwowo. Wina asapange chofanana nacho popanda chilolezo chawo."

"Wina wake ndani?"

A Yoram anacheukira kushopu kwawo. Anati kushopu kwabwera kasitomala, n'kumapita, ngakhale ine sindinaone munthu.

Ada Longwe anaimbira Temwa, ndipo kumapeto kwa sabata mwanayo anafika pabasi. Anabwera molunjika kumsika ndi chikwama chake, atawonda, maso ali ofiira. Anakhala pachigubu kuseri kwa benchi langa, moti zonse ndinazimva.

"Ada, polowa ntchito ndinavomera kuti chilichonse chomwe ndapanga kapena kubweretsa chikhala cha kampani. Aliyense amavomera zimenezo. Sindinaganize kuti zifika apa."

"Unawauza kuti analipanga ndani?"

"Ndinawauza. Ndinanena pampikisano, ndinanenanso muofesi. Ndinapempha kuti alembe dzina lanu. Anati lanu linali longoyeserera, iwo asintha timizere, asintha kulemera kwake, ndiye n'chinthu chatsopano."

"Timizere tija anapinda ndani?"

"Ndine."

"Ndiye alemba dzina lako?"

"Ayi. Alemba la bwana."

Ada Longwe anatembenuza chitsulo pamakala, ngakhale panalibe choti amate.

"Ada, munanena nokha kuti nditenge," anatero Temwa.

"Ndinati ukawaonetse. Munthu ukamuonetsa nyumba yako, amachoka ndi chitseko?"

Temwa analira. Bambo ake sanamukalipire, komanso sanamutonthoze. Anamuuza kuti apite kunyumba, mayi ake akumudikira.

Mwezi wotsatira kunabwera galimoto ya kampani, yojambulidwa tsamba labuluu lalikulu pambali. Munatuluka Temwa ndi mwamuna wina wonenepa bwino, wonunkhira sopo, dzina lake Richard, woona zotsatsa malonda. Anali waulemu kwambiri. Anagwada pang'ono popereka moni, anayesera ndi Chitonga chomwe, "Timoneni Ada," anthu n'kuseka mokondwa. Anati kampani imawalemekeza kwambiri a Longwe. Ikufuna kuwajambula atanyamula tsamba latsopanolo, chithunzi chikaikidwe m'mashopu, kuti anthu aone kuti ngakhale amisiri akumudzi alikonda. Iwapatsa katoni yaulere ayambire kugulitsa, akhale wogulitsa wamkulu wa m'boma lino. Anatulutsanso tisheti ndi kapusi.

"Pachithunzipo mulembapo chiyani?" anafunsa Ada Longwe.

"Tilembapo dzina lanu, bambo, ndi mawu akuti mwalivomereza."

"Kuti ndalivomereza. Osati kuti ndinalipanga."

"Bambo, mawu amenewo ali ndi malamulo ake, si ine ndingawasinthe." Richard anayang'ana masamba achikasu omwe anali lende pachingwe. Anatsitsa mawu. "Komanso awa, zingakhale bwino mutawapumitsa. Ife sitikufuna kufika kutali ndi bambo a mnzathu."

Temwa anali atayang'ana pansi, akupotokola lamba wa chikwama. Ada Longwe anatenga tisheti ija, anaitambasula, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuipinda bwinobwino monga ndimapindira ine zogulitsa.

"Yewu," anathokoza. "Koma ine ndimagwira ntchito ndi moto, nsalu zoterezi zimasungunuka pathupi. Kapatseni wina. Chithunzi ayi."

Richard anayesa kunenanso zina, koma iwo anali atayamba kale kumata beseni la mayi wina. Galimoto inapita. Temwa sanatsanzike, kapena anatsanzika motsitsa ine osamva.

Amayi a mumsika anakwiya tsiku limenelo. Ankati tonse ndife mboni, tinaliona tsambalo likubadwa, tikaima kulikonse kukanena. M'busa wa kumpingo kwa Ada Longwe anawalozera munthu wina wodziwa malamulo ku Mzuzu. Ada Longwe anavala jekete la kutchalitchi, anakwera minibasi ndi masamba awo akale m'jumbo, kuyambira loyamba lija lomwe linkamira. Anabwerako madzulo, jekete lili pamkono.

"Akuti mlandu ulipo," anandiuza. "Akuti chinthu chomwe anthu ankachigwiritsa kale ntchito, munthu sayenera kuchilembetsa ngati chatsopano. Koma akuti ukaweruzidwira kutali, utenga zaka, ndipo kampani ili ndi maloya odya bwino. Ndigulitse nyumba kuti ndiyambe. Chinanso, mboni yaikulu ndi Temwa. Akanena zoona, ntchito yamuthera, ndipo kampani ina siidzamulemba."

"Ndiye mutani?"

"Ndikaimike mwana wanga m'khoti?"

Mlandu unathera pomwepo. Koma masamba awo sanasiye kupanga. Ankati abwere adzandimange, ndione wapolisi amene adzanyamule mbaulayi. Palibe anabwera. Kampani sinafunikenso kuvutika. Masamba ake anali otchipa kuposa achikasu, chifukwa makina amalavula mazanamazana pomwe Ada Longwe akudula chigubu chimodzi. Analipo abuluu, obiriwira, ofiira, mayi amatha kusankha lofanana ndi ndowa yake. Bungwe lina la zaukhondo linagula ambiri n'kugawa ulere m'midzi. Amayi omwe aja ankalumbira kuti akaima m'khoti anayamba kulowa m'shopu ya a Yoram mozemba, potuluka kanthu kali kobisa m'chitenje, akudutsa pashedipo atayang'ana kumbali. Sindikuwanena. Kunyumba kuli ana ofuna kudya, ndipo chotchipa n'chotchipa.

Chomwe chinawalasa kwenikweni chinachitikira kunyumba kwawo. Amene anandiuza ndi a Tryphena, atabwera kudzagula malaya a mwana wa mchemwali wawo. Temwa anawatumizira tsamba labuluu m'katundu wa Khirisimasi. A Tryphena analisunga pansi pa bedi miyezi ingapo. Tsiku lina analiyesa, ndipo anapeza kuti n'losavuta kutsuka. La amuna awo limasunga ndere m'momatira muja, umafunika kulikwecha ndi mswachi, ndipo dzanja lawo lothyoka lija silinabwererenso mwakale. Anayamba kuligwiritsa ntchito amuna awo akachoka. Masana ena Ada Longwe anabwerera kunyumba atayiwala mankhwala a chifuwa, n'kukumana ndi akazi awo pachitunda, ndowa ili pamutu. Anawathandiza kutula. Anaona tsamba labuluu lija m'ndowamo.

"Anati chiyani?" ndinafunsa.

"Anafunsa kuti, 'Likugwira bwino?' Ine ndinati, 'Ada ŵaku Temwa, n'chifukwa cha dzanjali.' Iwo anati, 'Ndafunsa ngati likugwira bwino.' Ndinati eya. Anatenga mankhwala awo n'kumapita."

Kwa masabata angapo Ada Longwe ankadyera kumsika, chinangwa chootcha ndi madzi, n'kumafika kunyumba kongogona. A Tryphena analitaya tsamba labuluulo m'dzenje la zinyalala. Amuna awo atamva anakalitola, analitsuka, analibwezera m'ndowa. Anati dzanja la munthu lisavutike chifukwa cha mtima wa wina. Koma kuyambira pamenepo, nkhani ya madzi m'nyumba imeneyo siikambidwa.

Masamba achikasu anakhalabe pachingwe, akuchita fumbi, akuyera ndi dzuwa. Tsiku lina kunabwera kamayi kachitsikana, kakhanda kali kumbuyo, kamalankhula Chichewa cha kumwera, mwina mkazi wa wantchito wa boma wongosamukira kuno. Anabweretsa tsamba lobiriwira long'aluka pakati kuti amumatire. Ada Longwe analiyang'ana, anati pulasitiki ameneyu ndi wopyapyala, akangomva chitsulo amafota, samatika. Mayiyo anakweza maso n'kuona achikasu aja.

"Iii, bambo, mwayamba kubera za kampani? Koma zanuzi zonyansa bwanji. Samalani, adzakumangani."

Sananene mwachipongwe. Ankaseka, ngati akuwachenjeza mwachifundo. Ine ndinadzuka kuti ndimuuze mawu, koma Ada Longwe anandikwezera dzanja.

"Mwanena zoona, mama," anatero. "Pitani pashopu apo, mukagule lenileni."

Mayiyo atapita, anamasula chingwe chija. Masamba onse anawadula zigamba. Mpaka lero ukaona ndowa ya chigamba chachikasu chopindika m'mphepete m'tauni muno, dziwa kuti chinachokera pamenepo.

Temwa sanakhalitse kukampani kuja. Malonda atakhazikika anachepetsa antchito, iye anali m'gulu la ochotsedwa. Pano akuphunzitsa masamu pasukulu ina ku Lilongwe, anakwatiwa, ali ndi kamwana kamamuna. Amabwera kamodzi pachaka. Bambo ake amamulandira, amanyamula mdzukulu, amafunsa za mvula ya ku Lilongwe ndi mtengo wa makala. Ulendo wina Temwa anayesa kuyambitsa nkhaniyo ali pashedi pano. Anangoti, "Ada, za tsamba zija," iwo anadzuka n'kunena kuti akukagula makala, thumba lili lodzadza pambali pawo. Temwa anatsala akuyang'ana mbaula. Anandiuza kuti bola akanamumenya, bola akanamutukwana pamaso pa anthu, zikanatha.

Chifuwa chawo chakula. Achipatala anawauza kuti asiye utsi, iwo anafunsa kuti ndikasiya utsi ndidya mpweya? Ntchito nayonso yachepa. Mabeseni a masiku ano ndi otchipa komanso opyapyala, beseni likasweka munthu amangotaya n'kugula lina. Amene amabwerabe ndi okalamba, ndi ena amene ndowa yawo ili ndi mbiri.

Chaka chathachi, nyengo ya usipa, ndinaona ayambanso kudula zigubu mwa mtundu wina. Ankayang'anitsitsa amayi ogulitsa nsomba zaziwisi, momwe amavutikira ndi ntchentche, dzanja limodzi likuingitsa, lina likuwerenga nsomba. Anapanga chivundikiro cha beseni, cha timabowo ting'onoting'ono tolowetsa mpweya, chokhala ndi kachitseko kotseguka ukakakankha ndi dzanja n'kudzitsekanso kokha ukalichotsa. Anavutika nacho milungu yambiri, makamaka pa kachitsekoko. Ankachigwira atatembenukira kukhoma, wina akayandikira ankachiphimba ndi chiguduli. Ine sanandipemphe kuti ndiyese.

M'mawa wina, msika usanadzaze, anagula kamulu ka usipa, anakathira m'beseni, anavundikira. Anakhala pansi kumayang'ana. Ntchentche zinkatera pamwamba, kuzungulira, kuchoka. Analowetsa dzanja, kachitseko kanatseguka. Analitulutsa, kanatsekeka. Anabwereza kangapo.

"Ada Longwe, chatheka! Ichi ndiye amayi a nsomba alimbirana. Ndiwaitane?"

"Usaitane munthu."

Anachotsa chivundikirocho, anatenga mpeni wawo wodulira zigubu, n'kuyamba kuchidula pakati, kenako m'timagawo tating'ono, modekha, ngati akudula chigubu wamba.

"Mukuchita chiyani? Masabata onse aja?"

"Ndimangofuna kudziwa ngati chingatheke," anatero. "Ndadziwa."

Usipa uja anandipatsa ine kuti ndikaphikire ana. Kenako anakoleza mbaula, chifukwa panali gogo wina wa ku Chikale amene ankadikira ndi mpando wothyoka mwendo.